Kutseka mpope kapena kukonza ngalande: kusankha thandizo la presha ya m'maso kuno kum'mawa

Malume anga a ku Chadiza anadziwa kuti china chake chalakwika tsiku limene anagunda mbuzi ndi njinga. Mbuziyo inali chakumanzere kwa msewu, masana dzuwa likuswa mtengo, koma iwo akuti sanaione n'komwe. Kutsogolo ankaona bwinobwino, ulusi pa singano ankalowetsa okha. Titapita nawo ku kiliniki ya maso muno mu Chipata anawapeza ndi presha ya 34 m'diso lamanzere ndi 26 m'diso lamanja, pomwe ya anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Matendawa ndi glaucoma. Ena amati BP ya m'maso, ngakhale si BP ya magazi ija.

Tili panja anandifunsa kuti, "Mphwanga, iwe umaphunzitsa ana sayansi. Adokotala atchula madontho, atchula laser, atchulanso opaleshoni. Chabwino n'chiti?" Tsiku limenelo ndinangokanda m'mutu. Zimene ndalemba apa ndazitola pa zaka zitatu zowaperekeza. Wosankha pomaliza ndi dokotala amene wayang'ana mkati mwa diso lanu, koma dokotalayo sadziwa kuti kwanu mlatho umamira mu Januwale ngati simumuuza.

Madzi amene si misozi

Misozi imakhala kunja kwa diso. Mkati, pakati pa kakhungu koonekera ka kutsogolo ndi lens (kagalasi ka mkati mwa diso), muli madzi ena oyera ngati a pakasupe, otchedwa aqueous humour. Amadyetsa zigawo zimene zilibe mitsempha ya magazi, komanso ndiwo amachititsa diso kukhala lolimba ngati mpira wopopa bwino. Amapangidwa ndi kamphete ka mnofu kobisika kuseri kwa mbali yakuda ya diso, ciliary body, kamene kali ndi timakwinya pafupifupi 70. Kamphete kameneka ndiko ndikukatcha mpope. Masana diso limapanga ma microlitre 2 kapena 3 pa mphindi. Tsiku lonse madziwo sadzaza supuni ya tiyi. Munthu akagona amapangidwa theka chabe, ndipo mfundo imeneyi tidzaifunanso kutsogoloku.

Selo silinyamula madzi ndi chidebe. Chimene limatha ndi kusuntha mchere, madzi n'kumatsatira okha. Aliyense amene anathirapo mchere pa kabichi woduladula waona kuti pakapita mphindi zochepa pansi pa mbale pamakhala padzaza madzi. Timakwinya tija takutidwa ndi mizere iwiri ya maselo yoyang'anizana mutu ndi mutu, yolumikizana ndi timipata. Mzere umene uli kufupi ndi magazi umalowetsa tizigawo ta mchere tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ma ion: pa khomo limodzi pamalowa sodium mmodzi, potassium mmodzi ndi chloride awiri nthawi imodzi. Mcherewo umadutsa m'timipata kupita ku mzere wachiwiri, umene umautaya m'diso. Kumeneko kuli pampu imene imatulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri pa kupopa kulikonse, yomwe Jens Christian Skou wa ku Denmark anatulukira mu 1957. Chloride amatulukira pa zitseko zake. Madzi amathamangira mcherewo, ena kudzera m'timabowo totchedwa aquaporin. Amene anatulukira timabowoti, Peter Agre, analandira mphoto ya Nobel mu 2003, ndipo pambuyo pake anatsogolera kafukufuku wa malungo wa Johns Hopkins amene ali ndi ntchito ku Macha, ku Southern Province kwathu konkuno.

Pali wantchito winanso mkati mwa maselowa, enzyme yotchedwa carbonic anhydrase. Imatenga mpweya wa carbon dioxide ndi madzi n'kupanga bicarbonate, yemweyo ali mu soda wophikira delele, pamodzi ndi kaasidi pang'ono. Selo limagwiritsa ntchito ziwirizi ngati katundu wosinthitsa, monga amachitira amalonda obwera ndi mbale nthawi yokolola n'kubwerera ndi chimanga. Limapereka asidi n'kulandira sodium, limapereka bicarbonate n'kulandira chloride. Mukaimitsa enzyme imeneyi malondawo amazilala, mchere umachepa, madzi nawo amachepa.

Nanga ndani amauza maselo kuti fulumirani kapena pumani? Uthenga umabwera ndi adrenaline, mankhwala a m'thupi amene amachuluka munthu akadzidzimuka, ndi anzake, kuchokera m'magazi ndi m'mitsempha. Adrenaline salowa m'selo. Amagogoda pa khomo lotchedwa beta, ndipo mkatimo mumadzuka mthenga wotchedwa cAMP, amene amathamanga ngati nduna yotumidwa ndi mfumu kukauza mapampu ndi zitseko kuti ntchito ichuluke. Palinso khomo lina, alpha-2, limene likagogodedwa limachepetsa cAMP yemweyo. Usiku adrenaline amatsika, n'chifukwa chake mpope umadzichepetsa wokha.

Madziwo amatuluka m'njira ziwiri. Yaikulu ndi kasefa kozungulira pa ngodya ya diso, trabecular meshwork, kamene kamathira mu ngalande ya Schlemm n'kubwerera m'magazi. Yachiwiri ndi yonyenya pang'onopang'ono pakati pa minofu, monga madzi olowa mumchenga wa padambo. Pa glaucoma imene yafala kwathu kuno, mpope sunalakwe kanthu. Chimene chatsekeka ndi sefa. Presha ikakwera imapha ulusi wa mtsempha wonyamula zimene taona kupita ku ubongo, kuyambira wa m'mbali, ndipo ulusi wakufa suphukanso. Kafukufuku wa 2014 anayerekeza kuti pofika 2020 anthu 76 miliyoni adzakhala ndi glaucoma, ndipo mtundu umenewu anaupeza kwambiri mu Africa muno, pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse a zaka 40 mpaka 80. Kwa ife umayamba msanga ndipo umathamanga.

Choncho njira zonse zili pawiri: kuchepetsa mpope, kapena kukonza potulukira. Palibe ngakhale imodzi imene imabweza kuona kumene kwatayika.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Mtengo ndimauwerenga pa chaka, osati pa botolo. Botolo lotsegulidwa limayenera kutayidwa pakatha milungu 4, choncho mtengo wa limodzi muuchulukitse ka 12 kapena 13, muwonjezepo thiransipoti ya wodwala ndi womuperekeza, ndi tsiku lotayika kumunda. Kupezeka ndiko kuti chinthucho mudzachipeza mwezi ndi mwezi, osati lero lokha. Kusamala ndi zimene mudzachita inuyo ndi manja anu mukachoka pa chipatala. Zoopsa ndi zimene zingalakwike, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda ena. Mphamvu yotsitsa presha ndaitchula pa njira zambiri, koma sindinaiike patsogolo. Botolo lamphamvu limene latha mu Febuluwale n'kudzapezekanso mu Epulo silinathandize diso m'miyezi iwiri imeneyo.

Timolol

Uyu ndi amene ambiri amayamba naye. Wakhalapo kuyambira 1978. Amakhala pa khomo la beta kuti adrenaline asagogode, cAMP amachepa, mpope umatsika, ndipo presha imagwa ndi 20 mpaka 25 pa 100.

Mtengo: ndi mmodzi mwa madontho otchipa kwambiri a glaucoma. Botolo la 5 ml limakwana mwezi pa maso onse awiri.

Kupezeka: ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, ndipo ndi amene mungamupeze msanga m'zipatala ndi m'mafamase a m'tauni. Ngakhale choncho, ifeyo tinabwererapo chimanjamanja pa chipatala china, n'kukamugula tokha.

Kusamala: kawiri pa tsiku, mpaka kalekale. Safuna firiji. Mukadontheza, tsinzinani n'kukanikiza ndi chala pa ngodya ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, kuti mankhwala asatsikire kumphuno n'kulowa m'magazi. Dontho limodzi ndi lokwanira, lachiwiri limangoyenderera patsaya.

Zoopsa: makomo a beta aliponso mumtima ndi m'mapapo. Kwa munthu wa mphumu kapena wa mtima wogunda pang'onopang'ono, kadontho kameneka kangamugoneke m'chipatala. Kwa odwala shuga amabisa zizindikiro za shuga wotsika. Ena amamva kufooka, abambo ena amadandaula za mphamvu za m'nyumba, ndipo manyazi amawachititsa kusiya mankhwala mwakachetechete m'malo mouza dokotala. Chofooka china n'chakuti usiku timolol alibe ntchito yeniyeni, poti uthenga umene amatsekereza wagona kale. Kwa ena mphamvu yake imachepanso pakapita zaka.

Dorzolamide ndi acetazolamide

Awa amaimitsa carbonic anhydrase, wa malonda osinthitsa uja. Acetazolamide ndi mapilisi, ambiri amamudziwa ndi dzina la Diamox, ndipo wakhala akutsitsa presha ya m'maso kuyambira 1954. Dorzolamide ndi madontho, anabwera zaka 40 pambuyo pake. Ubwino wawo ndi wakuti amagwira ntchito ndi usiku womwe, chifukwa sadalira adrenaline.

Mtengo: mapilisi ndi otchipa. Madontho ndi odula kuposa timolol, pomwe presha amaitsitsa pang'ono, 15 mpaka 20 pa 100.

Kupezeka: mapilisi amakhala m'zipatala zazikulu. Madontho ndi a m'mafamase a m'tauni, kawirikawiri osakanizidwa kale ndi timolol m'botolo limodzi.

Kusamala: dorzolamide payekha ndi katatu pa tsiku, wosakaniza ndi timolol kawiri. Ndimakonda wosakanizayo, chifukwa dontho la masana ndi limene limaiwalika munthu ali kudimba. Ngati muli ndi mabotolo awiri osiyana, dikirani mphindi 5 pakati pawo, apo ayi lachiwiri limakokolola loyamba.

Zoopsa: madontho amaluma m'maso ndi kuwawa kukhosi, basi. Nkhani ili pa mapilisi. Enzyme yomweyo ili mu impso ndi m'magazi, choncho munthu amamva dzanzi m'zala, amakodza pafupipafupi, chilakolako cha chakudya chimatha, zakumwa za gasi zimasanduka zosakoma. Akamwedwa nthawi yaitali amabweretsa timiyala mu impso ndi kutsitsa potassium. Munthu wa sickle cell, matenda amene sasowa m'mabanja mwathu, sayenera kumwa, chimodzimodzi wa impso kapena chiwindi chodwala. Ndi mankhwala ozimitsira moto kwa masiku ochepa podikira opaleshoni, osati okhala nawo.

Brimonidine

Amagogoda pa khomo la alpha-2, limene limaletsa. Amachepetsa mpope, n'kuthandizako pang'ono njira yonyenya ija. Mtengo wake ndi wapakati, kupezeka kwake n'kwa m'tauni, ndipo amadonthezedwa kawiri kapena katatu pa tsiku popanda firiji. Zoopsa zake: kuuma m'kamwa, tulo, ndipo anthu angapo amafiira maso ndi kutupa zikope pakapita miyezi, mpaka kumusiya. Ana aang'ono sapatsidwa, makamaka osakwana zaka ziwiri, poti angakomoke. Botolo lake lisakhale pamene adzukulu angafike. Ndi wowonjezera pamene ena aperewera, si woyambira.

Latanoprost ndi abale ake

Apa tachoka pa mpope. Latanoprost, amene anatuluka mu 1996, ndi wa gulu la prostaglandin. Uthenga wake umapita ku maselo a mnofu kuti afewetse zomangira za pakati pawo, ndipo njira yonyenya ija imatseguka. Pa madontho onse a mankhwala amodzi gulu limeneli ndilo lamphamvu, limatsitsa presha ndi 25 mpaka 33 pa 100, usana ndi usiku. Travoprost ndi bimatoprost ndi a banja lomwelo.

Mtengo: ndi wodula kangapo kuposa timolol, ngakhale a makampani ena amene si oyamba aja atsitsako mtengo. Kabotolo ka 2.5 ml kali ndi madontho pafupifupi 80, ndipo maso awiri amadya 60 pa mwezi, choncho manja akamanjenjemera n'kutaya ena, kamatha mwezi usanathe. Ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, funsani pa famase yovomerezeka ngati botolo lanu likulipiridwa musanatulutse ndalama ya m'thumba.

Kupezeka: ali pa mndandanda wa WHO, koma kukhala pa mndandanda ndi kukhala pa shelefu n'zosiyana. Wa ku Vubwi, Mambwe kapena Chama adziwe kuti adzadalira munthu wa m'tauni womugulira mwezi ndi mwezi.

Kusamala: kamodzi kokha, madzulo. Kudontheza kawiri kumachepetsa mphamvu yake m'malo moiwonjezera. Vuto ndi kutentha. Latanoprost wanthawi zonse amasungidwa m'firiji asanatsegulidwe, ndipo akatsegulidwa asapitirire madigiri 25. Amene anakhalapo ku Mfuwe mu Okutobala akudziwa kuti madigiri 25 kumeneko ndi nthano. Ndi magetsi ozimazimawa, funsaninso wogulitsa mmene analisungira botololo. Malume amaliika m'kachitini kotseka bwino n'kukatsamiritsa pa mtsuko wa madzi akumwa, m'chipinda chamthunzi. Travoprost safuna firiji, ndipo kwa munthu wa kuchigwa ndi chifukwa chokwanira chomufunsira.

Zoopsa: zambiri ndi za maonekedwe. Maso amafiira masabata oyamba, nsidze za m'zikope zimatalika, khungu lozungulira diso limada. Mtima ndi mapapo sawavutitsa monga timolol. Mayi woyembekezera kapena munthu wa diso lotupa mkati auze dokotala asanayambe.

Laser ya pa sefa, SLT

Malume atamva dzinali anafunsa ngati ndi Leza wa uta wa mvula uja. Si iye. Ndi kuwala kobiriwira kumene kumaombedwa pa sefa m'timadontho pafupifupi 100. Sikuboola kanthu. Kumadzutsa maselo a pa sefapo kuti atulutse mauthenga oitana maselo oyeretsa, ndipo pakapita mwezi kapena kuposerapo madzi amayamba kudutsa bwino. Munthu amakhala pa mpando, amamudontheza mankhwala a dzanzi, ndipo pa mphindi 10 zatha.

Njira iyi ili ndi umboni wa kufupi ndi kwathu. Ku chipatala cha KCMC ku Moshi, Tanzania, anayerekeza SLT ndi timolol pa anthu 201, ambiri a iwo matenda atapita kale patali. Zotsatira zinatuluka mu 2021: patatha chaka, thandizo linali likugwirabe pa maso 61 pa 100 a laser, pomwe a timolol anali 31 pa 100. Ku Britain, kafukufuku wa LiGHT wa 2019 anapeza kuti anthu atatu pa anayi alionse amene anayamba ndi laser anakhala zaka zitatu osafuna madontho.

Mtengo: ndalama imatuluka kamodzi, yambiri pa tsiku limenelo, koma mukaigawa pa zaka imapikisana ndi mabotolo. Chimene chimaikweza ndi ulendo.

Kupezeka: apa ndiye pofooka. Makina ake ndi odula ndipo amakhala m'zipatala zochepa zazikulu za maso. Funsani ku kiliniki ya maso ya Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete kuti makina apafupi ali kuti ndipo kalata yotumizira imalembedwa bwanji. Ngati yankho ndi Lusaka, ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, tsiku lathunthu m'basi, ndiponso pogona.

Kusamala: kochepa kwambiri. Komabe presha iyenera kuyezedwa miyezi ingapo iliyonse, chifukwa mphamvu ya laser imatha mwakachetechete pakapita zaka. Ikatha ingabwerezedwe.

Zoopsa: diso limafiira kapena kuwawa masiku ochepa, nthawi zina presha imakwera kwa maola angapo. Choopsa chenicheni ndi kuganiza kuti mwachira n'kusabwereranso. Kwa ena sigwira n'komwe, ndipo pa diso limene ngodya yake ndi yotsekeka sichitika.

Opaleshoni yoboola ngalande yatsopano

Dzina lake ndi trabeculectomy, ndipo inafotokozedwa ndi John Cairns wa ku Cambridge mu 1968. Dokotala amapanga kachitseko kakang'ono pa mbali yoyera ya diso, pansi pa chikope chakumwamba, kuti madzi azilambalala sefa yotsekekayo n'kusonkhana m'kathuza kobisika, kumene thupi limawamwa. Palibe njira ina pa izi imene imatsitsa presha kufika pamene opaleshoni imafika.

Mtengo: waukulu poyamba, makamaka chifukwa cha maulendo obwerezabwereza ndi madontho a pambuyo pake. Ikagwira, ambiri amasiya mabotolo kapena kuwachepetsa kwa zaka.

Kupezeka: imafuna dokotala wa maso wozolowera ntchitoyi, osati makina apadera. Funsani kuti amaichita kangati, ndiponso ndani adzakuonani m'masabata otsatira.

Kusamala: apa ndi pamene ambiri amagwera. Opaleshoni ndi theka la ntchito. Thupi limaona kachitseko kaja ngati bala n'kufuna kukatseka, ndipo matupi athu anthu akuda amapanga chipsera msanga. N'chifukwa chake madokotala amapaka mitomycin C kapena 5-fluorouracil pochita opaleshoni, amapereka madontho a steroid kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo amafuna kukuonani pafupifupi mlungu uliwonse poyamba, kuti amasule ulusi wosokera ngati madzi sakutuluka bwino. Masabata amenewo palibe kunyamula matumba, palibe kuweramira khasu, palibe fumbi lopunthira soya. Ngati dokotala akuti diso lingadikire pang'ono, nthawi yabwino kwa mlimi ndi pamene wagulitsa mbewu, Juni kapena Julaye: ndalama ilipo, misewu ndi youma, kumunda kulibe changu. Akati silingadikire, munda upeze wina.

Zoopsa: presha ingatsike mopitirira, diso lingatuluke magazi mkati, ng'ala imabwera msanga, ndipo kathuza kaja kangalowe tizilombo ngakhale patapita zaka. Diso lochitidwa opaleshoniyi likafiira ndi kutulutsa manthongo, ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Palinso choopsa cha mumtima. Mnansi wanu amene anachotsedwa ng'ala anabwera akuimba, akuwerenga nkhuku zake. Inu mudzabwera mukuona monga munkaonera, mwina mwachimbuuzi kwa milungu ingapo. Ambiri amaitcha opaleshoni yolephera chifukwa palibe anawauza kuti ntchito yake ndi kusunga chotsala.

Laser yowotcha mpope

Iyi imalunjika pa timakwinya topanga madzi tija n'kupha maselo ena, kuti mapampu achepe. Imachitika pa dzanzi la jakisoni, ndipo kusamala kwake n'kochepa. Vuto n'lakuti muyeso wake ndi wovuta. Ikachepa presha imabwerera, ikapitirira diso limafota ndipo sizibwezeka. Kawirikawiri imasungidwira diso limene njira zina zakanika, kapena losaona koma lopweteka.

Zitatu zimene sindinaziike pa mpikisano

Pilocarpine ndi wakale kwambiri, wa m'ma 1870, wotchipa, koma amafuna kanayi pa tsiku, amapweteketsa pamphumi ndipo amachepetsa kamwana ka diso mpaka madzulo munthu saona njira. Ntchito yake yatsalira pa glaucoma yotseka ngodya, imene imabwera mwadzidzidzi ndi diso lofiira, mutu waukulu, kusanza ndi kuona mphete pa nyali. Imeneyo si yoyerekeza njira, ndi yothamangira kuchipatala usiku womwewo. Chachiwiri ndi madzi a masamba ndi mizu ofinyira m'maso: safika kuseri kumene kuli mpope, ndipo awotcha maso ambiri. Chachitatu ndi madontho a steroid, monga dexamethasone, amene anthu amagula okha maso akamayabwa. Kwa anthu ena amatseka sefa ija n'kubweretsa glaucoma pamene panalibe. Ndipo poti ndatchula mchere kwambiri, ndinene kuti kuchepetsa mchere mu ndiwo n'kwabwino pa BP ya magazi, koma si mankhwala a presha ya m'maso.

Ndani atenge chiti

Wokhala m'tauni, matenda apezeka msanga, ndalama ya mwezi ndi mwezi ilipo kapena NHIMA ikulipira: latanoprost kapena m'bale wake, dontho limodzi madzulo. Likaperewera, dokotala amawonjeza timolol, poti wina akukonza potulukira wina akuchepetsa mpope.

Amene thumba lake silifika pamenepo, wopanda mphumu ndi vuto la mtima: timolol, molimbika, ndi kuyezetsa presha pakapita mwezi umodzi kuti zioneke ngati akukwanira. Akapanda kukwanira musangopitiriza chifukwa ndi wotchipa.

Wa mphumu, wa mtima wochedwa, kapena amene akumwa kale mapilisi a BP kapena a mtima monga atenolol kapena propranolol: anene zimenezi asanalandire botolo. Kwa iye ndi latanoprost, laser, kapena dorzolamide wosasakaniza. Wa sickle cell ndi wa impso atchule matenda ake mapilisi asanaperekedwe.

Wa kumudzi wakutali, nkhalamba yokhala yokha, wa manja onjenjemera, kapena aliyense amene akudziwa mumtima mwake kuti adzaiwala: ngati matenda sanafike patali, ulendo wa laser ndi woyenera kugulitsira mbuzi. Ndikanadziwa izi chaka choyamba, diso lamanja la malume ndikanalifunira laser tisanagule botolo lililonse.

Amene wafika mochedwa, kuona kwatsala ngati kosuzumira m'paipi, makamaka ngati akadali wa zaka 40 kapena 50 ndipo diso liyenera kumutumikira zaka zina 30: opaleshoni, ndipo akonzeretu pogona pafupi ndi chipatala kwa mwezi woyamba. Diso losaona koma losautsa ndi ululu: laser yowotcha mpope.

Malume anachitidwa opaleshoni ya diso lamanzere mu Juni chaka chachiwiri, atagulitsa mtedza, ndipo anakhala kwathu ku Kapata milungu isanu ndi umodzi akudandaula za ng'ombe zawo. Presha yake tsopano ili pa 12 popanda dontho. Lamanja lili pa latanoprost, amene ndimawatumizira pa minibasi mwezi uliwonse, m'kafulasiki. Njinga anaisiya.

Glaucoma imayenda m'magazi a banja, choncho adokotala anati abale awo a bere limodzi ndi ana awo onse opitirira zaka 35 ayezedwe. Amayi anga, mlongo wawo, anapita: presha 17, mtsempha uli bwino, abwerenso chaka chamawa. Mng'ono wawo wa ku Vubwi akukanabe. Akuti maso ake alibe vuto, poti manambala a pa foni amawerenga popanda magalasi.